Bambo wa Chipewa Choyera

Crato, 19 Meyi 1996

Wokondedwa mlongo wanga Zuleide,

Poyamba ndimve za moyo wako kutaliko. Uli bwanji iwe, alamu anga a Mitsuo, ndi kamdzukulu ka amayi, Sayuri? Ndikhulupirira kuti chisanu chija chinkakung'amba milomo chatha, ndiponso kuti makina a kufakitale ya ku Japan akukusiyirabe zala zonse khumi. Ukaziwerenga n'kupeza zakwana, undithokozereko Mulungu.

Kuno tilipo. Mvula yagwa bwino chaka chino, nyemba zadzaza pamsika, ndipo denga la kukhitchini likudontha pamalo omwe aja, silinaphonyepo chaka. Ine ndili bwino, kungoti kutopa. Ana asukulu akupitiriza kudana ndi mabuku, ine ndikupitiriza kuwaphunzitsa, ndipo tonse tikukalamba limodzi. Shuga wa amayi watsikako. Maso ndiye monga ukudziwa, anapita. Chatsala n'kusiyanitsa kuwala ndi mdima, ndi tinthu toyera tikamayenda pafupi.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Foniyo ili pabalaza, mkono umodzi kuchokera pampando wa amayi, ndipo zimene ndikufuna kukuuza sizonenera pamenepo. Khala pansi, uthire khofi ngati kumeneko alipo woyenera dzinalo, uwerenge mpaka kumapeto.

Amayi alongedza sutikesi. Ili kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo, yomanga ndi lamba wa malemu bambo. Akuti chikangotha chikondwerero cha Antonio Woyera, Loweruka pa 15 Juni, ndiwaperekeze kunyumba ya okalamba ya masisitere ku Barbalha. Anatuma okha aneba athu, Dona Quitéria, kukafunsa malo, ndipo malo apezeka. Akuti mutu wawo wayamba kuwonongeka monga zinayambira ndi mng'ono wawo, mayi aang'ono a Marieta, ndipo sakufuna kudzafika potsekeredwa m'chipinda ndi ana awo omwe.

Mutu wa amayi uli bwinobwino, Zuleide. Wowonongeka ndi ine. Ndikufotokozere mwatsatanetsatane, chifukwa theka la nkhaniyi ukulidziwa, koma ukulidziwa molakwika, ndipo amene anakulakwitsa ndi yemwe akukulemberayu.

Chichokereni maso, ntchito yanga ya sikisi koloko madzulo ndi kukhala pambali pawo pa novela, sewero la pa kanema la tsiku ndi tsiku lija. Taganiza. Ine, Bira, amene ndinadya zaka zisanu ku yunivesite ku Fortaleza, amene Loweruka lililonse ndimalemba m'kanyuzipepala ka m'tauni muno kunyoza masewero omwewa, ndinasanduka maso a novela. Amene amagawa zilango kumwambako ali ndi nthabwala kuposa ine.

Zoyankhula amamva okha, ndipo ukayerekeza kuwabwerezera amakukalipira kuti sanagonthe. Gawo langa ndi malo aja pamene anthu angoti duu, nyimbo yokha ikulira. Pamenepo chigongono chimabwera m'nthiti mwanga. Ati akutani, Bira, akutani? Ndimati akuyang'ana pawindo, amayi. Pakapita kamphindi, chigongono chinanso. Ati nanga pano? Ndimati akuyang'anabe.

Sewerolo ukulidziwa, ndi lomwe umabwereka matepi ake kusitolo ya anthu akwathu kumeneko: Eulália, mkazi wamasiye wa pa esiteti ya khofi, ndi mlamu wake Belarmino wofuna kumulanda munda. Unaonapo mkazi woyang'ana pawindo ngati ameneyu? Sabata ina ndinawerenga, anayang'ana maulendo makumi atatu ndi umodzi. Khofi amakolola ndani pa esitetiyo sindidziwa.

Likatha sewero, mipando imatuluka pakhomo monga kale, ndipo Nyumba ya Malamulo ya mumsewu mwathu imayamba zokambirana. Sipikala akadali Dona Lindalva wa nyumba yobiriwira ija. Dona Quitéria ntchito yawo ndi kulira ndi kuvomereza aliyense amene wayankhula pomaliza. Bambo Firmino amalumbira tsiku lililonse kuti iwo saonera zinthu za azimayi, amangodutsa pabalaza popita kukamwa madzi, koma dzina la hatchi ya Belarmino amalidziwa, ndi tsiku limene inasintha chishalo.

Pabwalo limenelo amayi ndiwo anali woweruza wamkulu. Ena onse amalongolola, iwo n'kudikira, kenako chiganizo chimodzi n'kutseka mlandu. Belarmino anamuweruza kuti ndi mwamuna woti ngakhale mthunzi wake umamuyenda patali. Za loya uja wa m'sewerolo, Afrânio, anati amamwetulira ngati munthu wogulitsa nsomba ya dzana. Mawu awo ankafika mpaka kogulitsa buledi m'mawa mwake.

Koma pali chinthu chimodzi chimene mwina sukuchidziwa. Amayi sanauzepo aneba kuti saona. Amati maso achita chifunga pang'ono, basi. Palibe ndi mmodzi yemwe ankadziwa kuti m'nyumba muli wowanong'oneza. Anandilumbiritsa pamaso pa chithunzi cha bambo kuti ndisadzanene. Ati munthu akadziwika kuti ndi wakhungu, anthu amasiya kumutsutsa, amayamba kumumvera chisoni, ndiye kuli bwino kufa.

Mabodza oyamba anali aang'ono, a munthu wotopa. Tsiku lina ndinati ndevu zapamlomo za Belarmino zamatuka mbali imodzi, zikulendewera. Tsiku lina ndinati kumbuyo kwa wansembe kwadutsa nkhuku, yaima, yamuyang'ana, yapukusa mutu. Amayi anaseka mpaka kutsokomola, misozi mbwee. Zuleide, chichokereni maso ndinali ndisanawamve akuseka choncho. Ndinadziuza kuti ndi mankhwala. Wabodza aliyense amayamba ngati dokotala.

Ndiye linafika Lachiwiri lina mu Febuluwale. Ndinali nditachonga mapepala a ana makumi asanu ndi anayi, mutu ukulira ngati chigayo. Eulália anapitanso pawindo pake. Amayi anafunsa, koma mkazi ameneyu amayang'ana chiyani kunjako tsiku ndi tsiku? Kunjako kunalibe kanthu, mlongo wanga, nsalu chabe yojambulapo mapiri. Koma pakamwa panga panatuluka kuti pali bambo wina waima pansi pa mtengo wa mango, wavala chipewa choyera.

Ati ndani ameneyo? Ndinati sindikudziwa, sakuyankhula. Ati ndiye akutani? Ndinati wavula chipewa, wachigwira pachifuwa, ndipo Eulália watseka katani. Amayi anadikira kuti malonda athe. Kenako anati, hmm, apa pali nkhani.

Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine ndinali kandionere, ndipo maluwa ake ndinadzala munda wonse.

Bamboyo anayamba kubwera katatu pasabata. Sanayankhulepo, chifukwa akanayankhula amayi akanafuna kumva mawu ake. Ankatsimphina pang'ono mwendo wamanzere. Tsiku lina anasiya gwafa mmodzi pamtengo wa chipata n'kuchoka. Tsiku lina anakonza chipatacho, chimene chinali chitagwa, popanda womutuma. Mvula itagwa m'sewero, iye anaima pomwepo, madzi akutsika m'mphepete mwa chipewa, mpaka nyale ya m'chipinda cha Eulália itazima.

Amayi anamukonda kuposa anthu onse olipidwa a m'sewerolo. Ati ameneyo ndiye mwamuna, osati enawa ongodzaza nyumba ndi malovu. Pa khofi wam'mawa ankandipatsa maganizo atsopano. Lero ati ndi chibwenzi cha paubwana. Mawa ati iyayi, ndi mwamuna wake yemwe uja, sanafe, anangokwirira bokosi la miyala. Mkuja ati mwina ndi m'bale wake wobadwira kunja, koma m'bale sasiya gwafa, amasiya mavuto.

Madzulo ena anasendera pafupi ndi kanema mpaka mphuno kukhudza galasi. Mwadzidzidzi anakuwa, ndachiona, Bira, ndachiona chipewa! Pagalasipo panali firiji, ankatsatsa malonda a firiji. Ndinayang'ana nkhope yawo ikuwala ngati ya mwana wa ukaristia woyamba, ndipo ndinati eya amayi, n'chomwecho.

Ndisakunamize kuti ndinkachitira iwo okha. Ndinkasangalala. Ndili m'kalasi, ana akukopera zolemba pabolodi, ine ndinkaganiza kuti bambo uja achite chiyani madzulo. Zaka makumi awiri ndakhala ndikulemba zonyoza, anthu n'kumakulungira nsomba nyuzipepalayo. Chinthu chokhacho chabwino chimene ndinapekapo chinali ndi womvera mmodzi, ndipo ndinkathamangira kunyumba kuti sikisi koloko isandipeze panjira.

Ufunsa kuti zinatheka bwanji miyezi iwiri osagwidwa. Anandipulumutsa ndi mpikisano wa amayi ndi Dona Lindalva. Amayi anamusunga bamboyo ngati khadi lomaliza. Ati Lindalva saona zinthu zazing'ono, amangoona madiresi ndi ndolo, ndiye ndimusiya, tsiku limene sewero lidzaulule kuti ndi ndani, ndidzamuuza kuti ine ndinadziwa kalekale. Pakhomo ankangoponya mawu okuluwika, kuti inu muziyang'anako kunja kwa windo nthawi zina. Anzawo ankayesa akunena za nyengo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anamuuza zonse, pafoni Lamulungu: iwe. Poti matepi amakufika mochedwa ndi masabata atatu, unkangoti eya amayi, sindinafikepo. Kenako unafikapo. Ukukumbukira tsiku lija mu Epulo unapempha kuti ndibwere pafoni, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti Bira, ndaonera matepi onse, ena kawiri, bambo wa chipewa ali pati? Ukukumbukira yankho langa? Ndinatembenukira kukhoma n'kunong'ona kuti ndi ukalamba, usawatsutse.

Unalira. Ndinakumva ukulira kutsidya la dziko, usanapite kukaima maola khumi pamakina, ndipo ndinakuuza kuti ulimbe mtima. Tchimo limenelo ndinachimwira iwe, lisunge padera, tibwererako.

Zinaphulika Lachinayi lomaliza la Epulo, tsiku limene Eulália anavomera kukwatiwa ndi loya Afrânio. Msewu wonse unatuluka ngati kwagwa ngozi. Dona Lindalva anali kumbali ya loya. Ati mwamunayo ali ndi nyumba, ali ndi mano ake onse, mkazi wamasiye afunanso chiyani, mngelo? Dona Quitéria anavomereza akulira. Bambo Firmino anati iwo saonera, koma loyayo anaba chikalata cha munda mu gawo la makumi anayi ndi ziwiri.

Amayi analephera kupirira. Anamenya ndodo pansi. Ati nonsenu mulibe manyazi? Nanga uja wa chipewa choyera, amene waima pansi pa mango miyezi iwiri yathunthu, mvula ndi dzuwa, amene anakonza chipata, atayidwe ngati nkhoko za mumphika chifukwa cha wogulitsa nsomba ya dzana?

Dona Lindalva anafunsa, chipewa chiti, amake Bira? Amayi anafotokoza zonse: mwendo wotsimphina, gwafa, nyale. Bambo Firmino anakanda m'mutu, ati pepani mayi, ine sindionera, koma munthu ameneyo mulibemo, ndipo pa esitetiyo palibe mango, pali mitengo ya khofi yokhayokha. Amayi anakweza mawu. Ati ndinamuona ndi maso angawa!

Ine ndinali nditatsamira pachitseko, kapu m'manja. Dona Lindalva anatembenukira kwa ine. Ati aphunzitsi, inu ndinu ophunzira, mumalemba za zimenezi m'nyuzi, tatiweruzeni, alipo kapena palibe?

Ndakhala ndikudziuza kuti ndinkateteza chinsinsi cha amayi, kuti ndikananena zoona, msewu wonse ukanadziwa kuti saona. Pali kachoonadi pang'ono pamenepo, kokwana pansonga ya supuni. Chachikulu n'chakuti ndinaona nkhope zisanu ndi zitatu zikundiyang'ana, ndipo ndinaona mawa lake kogulitsa buledi: mphunzitsi uja wonyoza masewero amapeka zibwenzi za pa kanema, amanamiza mayi ake omwe. Ndinaseka kaseko kanga ka m'nyuzipepala, ndinati ine zimenezi sindizitsatira kwenikweni, koma munthu wa chipewa sindinamuonepo.

Amayi ananyamuka, anakana mkono wanga, analowa m'nyumba akupapasa khoma pamaso pa anthu onse, chinthu chimene anali asanachitepo.

M'khitchini anandifunsa ndi mawu aang'ono amene sindinkawadziwa. Ati Bira, kodi si iwe unkandiuza za bambo uja? Apa ndiye panali pobwerera, mlongo wanga, khomo linali lotsegula. Ine ndinati ndinkanena za katani yoyera, amayi, mwina munkakhala mutasinza.

Anangoti oho. Anakhala pansi, manja pamwendo. Kenako anati Marieta nayenso anayamba ndi mwamuna woima pachipata.

Kuyambira tsiku limenelo kanema anafunditsidwa nsalu yoluka ija ya patebulo. Sikisi koloko ikakwana, nyimbo ya sewero imalowa pawindo kuchokera m'nyumba zonse za mumsewu, iwo amapita kukhitchini ndi kolona wawo n'kutseka chitseko. Pakhomo satulukanso. Amadziyesa mayeso okha: ndimawamva akutchula miyezi chobwerera m'mbuyo, mayina a adzukulu a aneba, masiku amene anamwalira abale. Sakuphonya ndi chimodzi chomwe. Koma akakhoza amati Marieta nayenso ankakhoza masiku ena.

Dona Lindalva anabwera ndi keke ya chinangwa, akuyankhula mokweza ndiponso pang'onopang'ono ngati akuyankhula ndi mwana wa mkaka. Ati mwadzuka bwanji, amake Bira, mukundizindikira? Amayi akale akanawayankha kuti mawu ngati amenewo ngakhale akufa angawazindikire. Anangoti zikomo, Lindalva. Nyumba ya Malamulo ikukumanabe, koma ndikamadutsa amatsitsa mawu. Sewero limene akukambirana tsopano ndi la m'nyumba mwathu.

Ndinapirira masiku asanu ndi anayi, ngati kupirira ndi dzina loyenera la mantha. Tsiku limene ndinaona sutikesi, ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, mawondo a zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri akulira ngati nkhuni zouma, ndipo ndinaulula zonse. Nkhuku, ndevu, mango, gwafa, firiji, katani. Sindinasiye kanthu.

Ukudziwa chimene anachita? Anandisisita m'mutu, pamene panali tsitsi kale. Ati mwana wanga ali ndi mtima wabwino, akulolera kutchedwa wabodza kuti mayi ake asatchedwe wamisala. Ndinati amayi, ndikulumbira. Ati usalumbire, chipewacho ndinachiona ndekha, iwe ungalowetse chipewa m'maso mwa munthu? Ndinati inali firiji. Ati Bira, ndakhala ndi firiji zaka makumi atatu, ndingaisokoneze ndi chipewa?

Kenako ananena mawu amene sakundichoka. Ati ndiponso iwe sungapeke munthu ngati uja. Nkhuku ija ndikuvomera, ndi yako, ndevu zija ndi zako, zonyoza ndiye mbewu yako. Koma mwamuna wosiya gwafa pachipata n'kuchoka osadikira zikomo? Iwe amene sunapatsepo mkazi ngakhale ndimu? Ayi mwanawe, ameneyo anachokera m'mutu mwanga momwemu, ndi mwamuna amene ndinkamufuna ndili mtsikana.

Ndalandirapo makalata ambiri onditukwana kunyuzipepala, koma palibe amene anandiweruza mwaukatswiri chotero.

Ndayesa njira zonse. Ndinapita kwa Dona Lindalva, ndinaulula, chinsinsi cha maso ndi zonse, ndinaphwanya lumbiro lija. Anandiyang'ana ngati chinthu chimene galu wakokera pakhonde, ati aphunzitsi, sukulu yonse ija munapitira zimenezi? Pofika madzulo tauni yonse inali itamva, ndipo ana a m'kalasi mwanga anandijambulira chipewa pabolodi. Dona Lindalva anathamangira kwa amayi kukawauza. Amayi anati wakutuma, Lindalva, ndipo iwe wavomera chifukwa umandimvera chisoni, zikomo, koma pita.

Ndinabweretsa wansembe. Amayi anati abambo, bodza lachifundo ndi bodza ndithu, mukalape. Ndinawatengera kwa dokotala, anawafunsa mafunso ola lathunthu, n'kunena kuti mutu wawo ndi wakuthwa kuposa wake. Potuluka amayi anandifunsa kuti kodi dokotalayu si uja munkakhala naye desiki imodzi kusekondale? Ndi yemweyo, Zuleide. M'tauni muno mulibe munthu amene sindinakhale naye desiki imodzi, kapena kumuphunzitsira mwana.

Ndatopa, mlongo wanga. Kunama kunali kopepuka, kunkangotuluka kokha ngati thukuta. Zoona ndazinyamula masabata awiri khomo ndi khomo, palibe akuzigula. Loweruka lapitali danga langa la m'nyuzipepala linatuluka ndi malonda a matayala, chifukwa ndinakhala pamakina olembera mpaka khofi kuzizira, osapeza munthu woti ndimunyoze woposa amene anali pampandopo.

Tsono watsala ndi iwe wekha.

Pa zaka zonse zimene takhala pa dziko lino limodzi, sunakhalepo kumbali yanga ngakhale tsiku limodzi. Nditaswa mtsuko wa madzi ndi kunamizira mphaka, unanena ndiwe. Nditalemba ndekha kalata ya bambo yopita kwa ahedi, unanena ndiwe. Nditauza agogo kuti ndikupita kukaphunzira katekisimu pamene ndinkapita kukaonera mafilimu a owombana, unanditsatira mpaka pakhomo pa holo, n'kubwerera kukanena, ndi dzina la filimu lomwe. Ndinkakutcha wailesi ya boma. Amayi amadziwa kuti iwe sungandinamire ngakhale nditalendewera kuphompho ndi chala chimodzi. Khalidwe limene ndinadana nalo ubwana wanga wonse ndi limene ndikuligwadira lero.

Kalatayi ikufika m'masiku khumi kapena khumi ndi awiri. Usadikire Lamulungu, imba tsiku lomwelo. Ndipo chonde, chonde, usandikhululukire usanaimbe. Ndikukudziwa, ukalusa umapita kukatsuka mbale, pobwera mtima utagwa, n'kuyamba kuti komabe Bira ndi amene akuwasamala. Mbale zisiye. Kumbukira mmene unalirira mu Epulo, ine ndikudziwa zoona, ndikukuuza kuti ulimbe mtima. Imba moto ukadali lawilawi.

Usawanyengerere, usawauze kuti amayi muli bwino. Mawu ofewa awamva okwana, ndipo aliyense wobwera nawo amamuyesa wachifundo. Uwauze kuti mwana wawo wamwamuna ndi galu. Uwauze kuti anakunamiza iwenso. Ulalate monga unalalatira tsiku limene ndinagulitsa njinga yako. Amayi amadziwa mawu ako ukakwiya zenizeni, amanjenjemera kumapeto, ndipo zimenezo palibe angazipeke, ngakhale ine. Akafuna, uwawerengere kalata yonseyi, osadumpha za kukhitchini zija.

Ndikudziwa chimene chidzatsatire akadzakukhulupirira. Sadzandisisitanso m'mutu. Mwina adzatha chaka osandiyankhula, ndipo ukudziwa kuti amatha, bambo analawapo miyezi isanu ndi iwiri chifukwa cha nkhani yaing'ono kuposa iyi. Pampando wanga wa sikisi koloko adzakhazikapo Dona Lindalva, amene adzawafotokozera madiresi ndi ndolo mpaka sewero kutha. Ndavomera zonsezo. Kuli bwino azidana nane ali m'nyumba mwawo kusiyana n'kuti azindikonda ali kwa masisitere.

Ukalephera iwe, pa 15 ndidzanyamula sutikesi ija, chifukwa akuti ndikakana adzakwera basi okha, ndipo adzakweradi.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Mitsuo, uwauze kuti sindinaiwale chipewa chachikopa chimene anapempha, kungoti masiku ano nkhani ya zipewa ndikuyamba ndaipewa. Sayuri umupsompsone pamphumi, ndipo ngati afunsa za amalume ake, umuuze kuti ndi munthu wophunzira. Dona Quitéria akupereka moni, akulira. Amayi sakudziwa kuti ndikulemba, koma usiku uliwonse dzina lako limakhala loyamba pa kolona wawo, langa lachiwiri, ndipo ndikupempha kuti undichotsepo.

Ambuye akusunge, akuteteze ku makina ndi ku chisanu, ndipo akupatse mawu akuthwa.

Ine mlongo wako,

Ubiratan (Bira)

Ndinaiwala. Akadzayamba kukumvera, uwauzeko kuti Lachisanu lapitali Belarmino anagwa pahatchi n'kuthyoka mwendo, iwo sanamve. Izi ndi zoona. Tepi ikafika ukatsimikize.